Magetsi a Pikiapu ya a Kadzidzi

"Ndati magetsi awa sakuwala! Kodi ndichite kukuimbirani nyimbo kuti mumve?"

A Kadzidzi anamenya boneti ya pikiapu yawo ndi chikhatho mpaka aliyense m'galaja muja anatembenuka. Aka kanali kachitatu m'masabata awiri kubwera ndi dandaulo lomwelo. Ndipo wokalipiridwayo sanali mlendo ayi. Anali mwana wawo womubala okha, mtsikana amene anzake a pantchito ankamutcha Namawaya chifukwa ndiye ankakonza zamagetsi m'galimoto.

Namawaya anapukuta manja ndi kansanza. "Ababa, ulendo woyamba ndinakuikirani mababu atsopano, magalasi a nyali ndinawakwecha mpaka chikasu chonse chinachoka. Ulendo wachiwiri ndinazula mawaya akale aja, ndinaika okhuthala ochokera kubatire kwenikweni. Moto ukufika wonse."

"Ukufika kuti? Kandulo iposa apa. Taona bampala yangayi! Dzulo m'mawa ndagunda mgolo chifukwa cha ntchito yakoyi."

Wowotcherera zitsulo, munthu wosasunga pakamwa, anakweza chophimba kumaso chake n'kusuzumira bampala yopindikayo. "Aaa, madala, mgolo umenewu ndi wamwano bwanji? Kuima pamaso pa a Kadzidzi! Sunamve mbiri yanu kapena?"

Anthu anaseka. Dzina lija silinabwere pachabe. Zaka makumi atatu ali pachiwongolero, a Kadzidzi ankaona dzenje mumdima anzawo asanaliganizire n'komwe, ndipo madalaivala anawapatsa dzinali mowasirira. Masiku ano ankanyamula buledi wa bekale ina n'kumagawa m'magolosale kunja kusanache.

Phokoso lija linatulutsa mwini galaja mu ofesi. Abwanawa anamulemba Namawaya monyinyirika, akuti mawaya a galimoto si ulusi wosokera madiresi, ndipo anangomupatsa miyezi itatu yomuyesa. Miyezi itatuyo inkatha Loweruka la sabata lomwelo.

"Iwe," anatero abwana, akumuloza ndi cholembera, "ngati bambo ako okubala akubweza ntchito yako katatu, wakunja adzatani? Adzatiotchera galaja! Achikulire, khululukani. Ine ndili ndi mababu ena m'sitolomu, oyera mbee, amphamvu kuposa onse. Tikawaika n'kukwezako nyali pang'ono, muziona ndi nyerere yomwe."

"Amenewo ndi mawu," anatero a Kadzidzi.

"Ndiyambe ndaonanso, bwana," anatero Namawaya, maso ali pansi.

"Uone msanga. Galimoto iyi ikabweranso kachinayi, iwe sidzakupeza."

Apa a Kadzidzi anachotsa dzanja pa boneti. Iwotu sanabwere kudzachotsetsa mwana ntchito. Anabwera kudzachita phokoso basi, kuti aliyense woona bampala ija adziwe kuti cholakwa chili m'magetsi. Anakakhala pa tayala lakale pafupi ndi khoma, chipewa chili pabondo, n'kumadziuza kuti abwana amangoopseza.

Koma chilungamo ankachidziwa, ndipo chinkawadya ngati chiswe. Magetsi aja analibe mlandu. Kuyambira chaka chatha, nyali za galimoto zobwera kutsogolo zinkaoneka ngati zavala utsi, ndipo msewu wa m'bandakucha unkangoti mbuu. Miyezi inayi yapitayo anapita mwakabisira kuchipatala cha maso, komwe anawauza kuti ndi ng'ala, maso onse awiri. Anawapatsa kalata yoti akachitidwe opaleshoni, n'kuwaletsa kuyendetsa galimoto kukakhala mdima. Kalata ija anaipinda kanayi n'kuikankhira kunsi kwa mapepala m'kabati ka kutsogolo kwa galimoto. Ngakhale akazi awo sanawauze.

Nanga za mgolo zija? Bodza lenileni. Dzulo lake chimene anagunda chinali wilibala ya mayi wina wosesa mumsewu. Anamuona atafika kale pamphuno pa galimoto. Mayiyo analumphira m'ngalande, wilibala inauluka, zinyalala mbwee msewu wonse. Sanavulale, mwamwayi, koma mawu amene anawatukwana nawo anali akulirabe m'makutu: "Akulu inu, maso munawasiya kunyumba?"

Namawaya anatsekula boneti n'kuyamba ntchito. Anatsata waya aliyense ndi chala kuchokera kubatire, kudutsa pa fyuzi, kufika pa timabokosi tiwiri takuda totchedwa rile timene anatimangirira pambali kuti moto wa nyali usamadutsenso pa switchi yakale. Anamasula waya wopita kuchitsulo cha galimoto, anapala pamalopo mpaka panawala, n'kumanganso. Ntchito inali yaukhondo, abale. Mawaya onse anali atakulungidwa bwinobwino, palibe ndi mmodzi wolendewera. A Kadzidzi, amene anaonapo amisiri ambiri akulumikiza mawaya ndi mano, ankadziwa kuti pikiapu yawo sinagwiridwepo bwino chonchi.

"Ababa, tabwerani mundigwirire."

Anadzuka n'kupita. Pansi pa boneti panali awiriwiri, anthu ena onse anali atabwerera ku ntchito zawo.

"Yatsani injini ndi magetsi, kenako mubwere muone mita yoyezera motoyi."

Anachita zomwezo. Namawaya anagunditsa nsonga za mita kumbuyo kwa babu n'kuwatembenuzira kagalasi kake. "Werengani nokha, musamati ndikukunamizani."

A Kadzidzi anayang'ana. Manambala aja anali ngati tizilombo tosambira m'madzi a sopo. Anasendeza mutu kumbuyo, anatsinzina diso limodzi, koma ayi ndithu.

"Ine za timakina tanu ta kusukuluti sindizidziwa," anatero mokweza. "Ine ndimadziwa msewu."

"Chabwino. Ndipatsireni fyuzi yolembedwa 15 m'kachitinimo."

Anapisa dzanja, anatola imodzi n'kumupatsa molimba mtima. Namawaya anaiyang'ana, anaibweza m'kachitini mwakachetechete, n'kutola ina. Kenako anazimitsa injini, anatsamira pa galimoto, n'kuyankhula motsitsa mawu kwambiri.

"Ababa, kalata ija ndinaiona."

"Kalata yanji?"

"Ya kuchipatala. Tsiku lija ndinkadutsitsa waya kuseri kwa kabati, ndinatulutsa mapepala onse. Inagwa yokha."

Nkhope ya a Kadzidzi inatentha ngati aiyandikizira mbaula. Ndiye kuti sabata yonse mwanayu ankadziwa! M'mawa uno akumulalatira pamaso pa anzake, iye ankadziwa, n'kungoweramitsa mutu osayankha. Anachita manyazi oti akanatha kulowa pansi pa galimoto. Koma manyazi a munthu wamkulu amakonda kutulukira m'mkwiyo.

"Unayamba liti kufufuza m'zinthu zanga? Ndiwe wapolisi?"

"Sindinauze munthu. Ngakhale amayi."

"Ndiye upitirize chomwecho." Anayang'ana uku ndi uku, mawu n'kufewa. "Tamvera mwanawe. A ku bekale akangomva, mawa lomwe ntchito ipita kwa wina. Ine ndikhale ndani? Wodyetsa nkhuku pakhomo? Ika mababu a abwana akowo, ukwezeko nyali. Ndingopirira miyezi iwiri, itatu, kenako ndipita kuchipatalako."

"Munanena liti kuti mupita? Kalatayo ndi ya miyezi inayi yapitayo."

"Usandiwerengere masiku ine."

"Mababu amenewo sangakuthandizeni, Ababa. Utsi uli m'diso, suli mumsewu. Ndipo nyali izi sanazipangire mababu otero, kuwala kumangomwazika paliponse. Ndikazikwezanso ndiye kuti aliyense wobwera kutsogolo kwanu ndamuthira tsabola m'maso. Wanjinga, wa minibasi, mwana wopita kusukulu. Inu osamuona, iyenso osaona. Akhungu awiri pamsewu umodzi, ndipo wowakumanitsa ndikhale ine?"

"Ndiye ukufuna undichititse manyazi?"

"Ndikanafuna, bwenzi nditayankha m'mawa muja."

 A Kadzidzi anabwerera pa tayala paja.

Dzuwa litafika pamutu, abwana anatulukira ndi kabokosi konyezimira n'kukaika pa boneti. "Wapeza chiyani?"

"Palibe cholakwika, bwana. Moto ukufika wokwanira mbali zonse ziwiri."

"Palibe cholakwika, koma mwini galimoto akugunda migolo. Ika awa. Ukatero ukweze nyali zonse."

"Amenewo sindiika, bwana."

Nyundo imene inkagogoda kuseri inasiya. Wowotcherera anazimitsa moto wake.

"Wati bwanji?"

"Sindiika. Athobwa anthu m'maso."

"Tamumvani! Miyezi itatu sinakwane, wayamba kale kundiphunzitsa malamulo a pamsewu. Galimoto zingati zatuluka muno ndi mababu amenewa? Kasitomala wapempha, mwini galaja walamula, iwe ndiwe ndani?"

"Galimoto ina iliyonse tikambirana, bwana. Koma iyi ayi."

"Chifukwa?"

 Namawaya sanayang'ane n'komwe kumene kunali bambo ake. Koma a Kadzidzi anadziwa kuti yankho lili pakamwa penipeni, mwanayo akulikankhira m'mimba.

"Ndikufunsa chifukwa!"

"Ndilibe chonena, bwana."

Wowotcherera anayesa kuponyapo nthabwala kuti zinthu zizizire. "Bwana, za bambo ndi mwana n'zovuta. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka."

"Iwe khala chete, muno mulibe mkhate. Muno ndi pantchito." Abwana anatembenukira kwa Namawaya. "Usadikire Loweruka. Vula ovolosi yangayo, utenge zako. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ukapeza galaja ina yokuyenera. Achikulire, musadandaule, mababuwa ndikuikirani ndekha."

Namawaya sanalire, sanapemphe. Anapita pa tebulo lake n'kuyamba kulongedza. Anakulunga mawaya a mita, anatolera timapulayala take n'kutiika m'chikwama chimodzichimodzi. Kenako anatsitsa zipi ya ovolosi n'kutulutsa mkono umodzi. Padzanja pake panali chipsera cha moto wa batire chimene anachipeza mwezi woyamba, chimene anabwera nacho kunyumba akuseka, akuti ndi chidindo cha umisiri.

A Kadzidzi anakumbukira mmene mtsikanayu anayendera magalaja asanu ndi awiri ndi satifiketi yake m'manja, kulikonse akumuuza kuti akufuna mwamuna. Anakumbukiranso kuti tsiku limene analembedwa pano, iwo omwe ndi amene anazungulira m'magolosale monse akudzitama kuti mwana wawo amamva chinenero cha mawaya. Lero mwana yemweyo akuvula ovolosi kuti bambo ake apitirize kutchedwa Kadzidzi. Ha, koma zinthu zake! Anadziona kuchepa kuposa nati yogwera m'fumbi.

Abwana anali atang'amba kale kabokosi kaja.

"Tadikirani."

Mawu anatuluka osamveka bwino, moti anabwerezanso. "Bwana, tadikirani kaye."

Anadzuka, anazungulira galimoto, anatsekula kabati kaja n'kufufuza pansi pa mapepala.  Anabwera ndi kalata yopindidwa kanayi n'kuipereka kwa abwana ndi manja awiri.

"Werengani."

"N'chiyani ichi?"

"Werengani mokweza. Ine sindingathe. Ndicho chifukwa chake ndikukupatsani."

"Ababa, musatero," anatero Namawaya.

"Iwe wayankhula mokwanira ndi kukhala chete kwakoko. Ndisiye."

Abwana anatambasula pepala lija. Anawerenga mizere iwiri yoyamba mokweza, kenako mawu anayamba kutsika, mpaka anangomaliza ndi milomo yokha. Koma mawu oti ng'ala anali atamveka kale galaja yonse.

A Kadzidzi anavula chipewa. Sanadziwe koyang'ana, ndiye anayang'ana bampala.

"Magetsi awa alibe vuto," anatero. "Sanakhalepo bwino chonchi chigulireni galimotoyi. Vuto ndi ine. Ndakhala ndikumunamizira mwanayu katatu konse, pamaso panu nonse, iye akudziwa zoona zake. Ndipo dzulo sindinagunde mgolo. Inali wilibala, ndipo kumbuyo kwa wilibalayo kunali munthu. Mulungu yekha ndiye anamukankhira m'ngalande. Mukanaika mababu anuwo, bwana, ine mawa ndikanatulukanso."

Palibe anaseka. Wowotcherera, amene sankatha mphindi osayankhula, ankangokanda pansi ndi nsapato. Chete ameneyu anawapweteka a Kadzidzi kuposa kusekedwa. Akanakonda wina awatukwane ngati mayi wosesa uja.

"Ngati pali wovula ovolosi pano," anawonjezera, "ndi ine. Kungoti ndilibe."

Abwana anapinda kalata ija mosamala n'kuibweza. Anakhosomola, anabwezera babu m'kabokosi kong'ambika kaja, anakhosomolanso.

"Achikulire, mwatiyesa zitsiru tonse."

"Ndavomera."

"Ng'ala amachotsa. Malume anga anawachotsa, pano amalowetsa okha ulusi pasingano. Inu mumafuna kuichotsa ndi mababu?" Anapukusa mutu, kenako anakuwira kumbali osamuyang'ana mtsikanayo. "Namawaya! Mkono umenewo wautulutsiranji? Ukuona ngati minibasi ili panjayo idzikonza yokha? Koma uyambe wawaperekeza bambo akowa. Galimoto iyi isatuluke pageti langa iwo ali pachiwongolero."

Namawaya anabwezera mkono mu ovolosi n'kukweza zipi. Anatseka boneti, anapukuta pamene panali zala za girizi, n'kuima pafupi ndi bambo ake. Sanatambasule dzanja. Anangodikira.

A Kadzidzi anatulutsa makiyi m'thumba. Anawagwira kanthawi, kenako anamupatsa.

Wowotcherera anasuzumiranso bampala ija. "Madala, mukachira mubwere ndidzakuwongolereni bampalayo. Koma wilibala ya mayiyo muibweretse mawa, ndiyambe ndi imeneyo."

"Ndikamufunafuna," anatero a Kadzidzi. "Ngati angalole kundiona."

Anazungulira kupita ku chitseko cha wokwera. Anakoka chogwirira, osatsekuka. Anakokanso mwamphamvu, osatheka. Chitseko chimenechi chinafa kunja zaka zitatu zapitazo, akazi awo akudandaula tsiku ndi tsiku, iwo osachikonza chifukwa sankalowera mbali imeneyo. Anaima pamenepo padzuwa, galaja yonse ikuwaona, mpaka Namawaya anawerama m'kati n'kuwatsekulira.

Ananyamuka. Mtsikanayo ankayendetsa bwino, mosathamanga, ndipo ankasintha magiya mofewa ngati mmene iwo anamuphunzitsira. Phazi la a Kadzidzi linkangoponda pansi pofuna buleki imene kunalibe.

"Ku bekale ndipita ndekha masana ano," anatero a Kadzidzi. "Asamve kwa anthu."

"Ndikuperekezani."

"Ayi, wamva abwana ako. Ndikwera minibasi."  "Mwanawe, m'mawa muja ndinakulakwira."

"Zatha, Ababa."

"Sizinathe. Ukanachotsedwa ntchito."

"Ndikanapeza ina. Koma mukanapha munthu ndi magetsi oika ine, ndikanaipeza kuti ntchito yoiwalitsa zimenezo?" Anakhotera mumsewu wa kwawo. "Amayi muwauza nokha. Ine ndatopa kunyamula katundu wanu."

"Ndiwauza."

Nyumba yawo inaonekera patsogolo. Pa chingwe cha pabwalo panali munthu akuyanika zovala. Nkhope sankaiona bwino, koma kaimidwe kokha anakadziwa kuti n'ka akazi awo. Munthuyo atamva kulira kwa pikiapu anatembenuka, anaona amene ali pachiwongolero, anaona amene wakhala pambali, ndipo anatsitsa pansi malaya amene anali m'manja.

A Kadzidzi anagwira mkono wa mwana wawo.

"Tachepetsako liwiro, mwanawe. Ndiganize kaye poyambira."